Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Zomba: chipilala kapena chipinda cha sayansi?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Loweruka tinagwirizana kuti zopereka za chaka chino zipite ku chikumbutso cha asilikali atatu omwe anafera pa ntchito pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani ndi Major Wales Aidin. Chomwe sitinamvane n'chakuti timange chiyani. Ena akuti chipilala pamsika, ena akuti tikonze chipinda chimodzi pa CDSS yathu chikhale cha sayansi. Lankhulani, koma ndale ayi chonde.

Che Jafali: Ine ndili ku chipilala. Anthu akamakamba za ngoziyi amatchula a Chilima, ndipo m'pake, anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Koma mufunseni mwana wa Fomu 4 kuti ankawulutsa ndegeyo anali ndani, angokuyang'anani. Ifetu ndege ya Dornier imene ija tinakula nayo. Ikamadzuka ku Airwing, bwalo la ndege za asilikali kuno ku Zomba, aphunzitsi ankaima choko chili m'manja kudikira phokoso lidutse, ife makosi onse pawindo. Mayina atatuwa alembedwe pamwala, poonekera.

Mayi Nachisale: Che Jafali, msika wathu mukuudziwa bwino. Mvula ziwiri zokha, a kabaza ayamba kutsamiritsapo njinga, asing'anga amatapo mapepala a mankhwala obweza mkazi wothawa. Ulemu wake ndi umenewo?

Che Jafali: Ndiye timange ndi mpanda.

Mayi Nachisale: Mpandawo adzayanikapo kaunjika.

Malume a ku Joni: Ndiloleni ndilankhuleko ngati makaniko, poti ine mtima wanga uli pa Major Aidin, yemwe anali injiniya wa ndegeyo. Woyendetsa ndege amamuona aliyense, koma injiniya amayamba ntchito anthu asanafike pabwalo: kuona mafuta, matayala, mapulopela, kumvetsera injini zonse ziwiri. Minibasi ikavuta timaimika pambali pa msewu n'kutsegula boneti. Kumwamba kulibe pambali. Ndege imeneyi inabwera kuchokera ku Germany mu 1988, ndiye ganizani manja angati anaigwira kuti ifike 2024 ikuuluka. Akatswiri a ku Germany atafufuza anapeza kuti munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena kayendedwe ka ndege, ndipo kachipangizo kolira ndege ikagwa kuti ofufuza aipeze msanga, batire yake inatha ntchito mu 2004. Zotere makaniko sagula ndi za m'thumba mwake. Tsiku la ngoziyo ndegeyo inanyamuka ku Lilongwe m'mawa, inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inapezeka mawa lake anthu onse 9 atamwalira. Anthu ogwira ntchito m'mikhalidwe yotere ine sindingawakumbukire ndi simenti. Tiphunzitse ana kugwira sipanala ndi kuwerenga mita.

Wapampando: Malume, mfundo yamveka, koma za mabatirezo tisapitirire nazo, zitifikitsa kwina.

Malume a ku Joni: Ndangonena zomwe zinalembedwa, bwana.

Aphunzitsi Opuma: Ine ndavomereza chipinda cha sayansi, koma ndikuchenjezeni. Ndaphunzitsa m'ma CDSS mpaka kupuma, ndipo ndinaonapo labu yomangidwa bwino ikusanduka mosungira matumba a chimanga cha aphunzitsi, chifukwa panalibe wophunzitsa Physics. Mwana amajambula maginito m'kope, amaloweza, n'kukaiona koyamba tsiku la pulakitiko ya MSCE, manja akunjenjemera. Tisanagule njerwa tikafunse ku ofesi ya maphunziro ngati adzatipatse mphunzitsi wokhazikika. Ndipo tisamaganize kuti tikulota. Maphunziro a ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati, anayamba m'dziko muno mu 2020 ndi thandizo la UNICEF, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo ili nawo m'kati. Khomo lake ndi masamu ndi sayansi, zomwe ana athu amazithawa akangofika Fomu 3.

Mayi a Tadala: Makamaka atsikana, aphunzitsi. Wanga atamva kuti mmodzi mwa oyendetsa ndegeyo anali mayi anandifunsa kawiri ngati n'zoona. Chithunzi cha Major Selemani chikhale m'chipindamo, awone okha.

Msungichuma: Pepani ndikhale woipa ndine. Zomwe zili m'buku sizingakwane zonse ziwiri, ndipo enanu amene mukulemba ndime zitalizitali muno simunapereke kuyambira Malichi. Chachiwiri, mayina a anthu si athu. Kuli mabanja awo, kulinso akuluakulu a asilikali. Sitingangodzuka n'kulemba dzina la mwamuna wa munthu pakhoma osagogoda pakhomo pawo.

Malume a ku Joni: Za Malichizo ndatumiza kale pa Mukuru, onani foni yanu.

Msungichuma: Yafika, koma ndi ya mwezi umodzi.

Mayi Nachisale: Bwanji tikonze chipindacho, mwala wa mayina tiumatike pakhoma lake lakunja? Che Jafali apeze mwala wawo, ana apeze labu.

Che Jafali: M'kati mwa mpanda wa sukulu adzauona ndani? Agogo ogulitsa tomato ankaidziwanso ndegeyo, si ana a sukulu okha. Ngati ndi choncho, khoma lake likhale loyang'ana kumsewu, ndipo zilembo zikhale zoti munthu awerenge ali panjinga.

Aphunzitsi Opuma: Chipinda choyang'ana kumsewu ndi chija chodontha denga, malata ake onse ngofunika atsopano.

Wapampando: Chabwino. Aphunzitsi ndi Mayi Nachisale akaonane ndi ahedi Lachiwiri, ayeze chipindacho ndi kufunsa za mphunzitsi. Kalata yopita ku Airwing ndilemba ine, iwo ndi amene angatilumikize ndi mabanja. Msungichuma atipezere mtengo wa malata ndi wa mwala. Voti tichita mayankho akabwera.

Che Jafali: Voti yanga ya chipilala ilembedwe kale, ndingadzakhale kopanda netiweki.