Tikufuna buloko ya sukulu ya pulayimale: tiyambire pati kuti boma livomereze ndi kupereka ndalama?

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba m'malo mwa komiti ya sukulu yathu. Sukuluyi imalekera Sitandade 4, ndipo ana a makalasi awiri akuphunzirira pansi pa mtengo. Mvula ikangoyamba, maphunziro amathera pomwepo. Mafumu atipatsa malo, makolo ndi okonzeka kututa mchenga ndi kuumba njerwa. Tikufuna buloko ya zipinda ziwiri, ndipo mtsogolo muno sukuluyi idzafike Sitandade 8. Kalata tiyilembere ndani? Ndalama zake zimachokera thumba liti? Amene mukudziwa ndondomeko, tithandizeni chonde.

Wodziwa za kukhonsolo:
Bambo, musathamangire ku Lilongwe. Nkhani za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo, ndiye kalata yopita ku unduna imangobwezedwa kwanu komweko. Yambani ndi msonkhano wa komiti ya sukulu, PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), mother group ndi mafumu, mulembe maminitsi, onse asayine. Pempho lipite ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) kuti lilowe mu pulani ya chitukuko cha mudzi, VDC ilitengere ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera) ya kwa T/A wanu, ADC ilipititse kukhonsolo. Chitukuko chomwe sichinalowe mu pulani ya khonsolo chimavuta kwambiri kuchipezera ndalama, ngakhale kalata italembedwa bwino chotani.

Nthawi yomweyo kopi ina ipite kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya zoni yanu, iwo ayipititse ku ofesi ya a DEM (mkulu wa zamaphunziro kukhonsolo). M'kalatamo musachulutse madandaulo, ikani manambala: ana angati kalasi iliyonse, anyamata ndi atsikana padera, zipinda zingati zilipo, zimbudzi zingati, aphunzitsi angati, mtunda wokafika ku sukulu ina yapafupi. Muyeso womwe boma limaufuna ndi ana 60 m'chipinda chimodzi, ndiye onetsani poyera kuti inu mwapitirira ndi angati. Manambalawo afanane ndi omwe ahedi adatumiza ku EMIS (kaundula wa unduna wa ziwerengero za sukulu). Akasiyana, pempho lonse limakayikiridwa.

Komanso chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 April. Pempho lofika bajeti itakonzedwa kale limadikira chaka chinacho, choncho likhale litafika kukhonsolo chaka chisanathe mu December.

Mmisiri wa zomangamanga:
Imani kaye pa njerwapo, achimwene. Kuchokera mu 2018 malamulo salola njerwa zootcha pa zomanga za boma, chifukwa cha mitengo yomwe imathera pa uvuni. Buloko ya ndalama za boma imamangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zopsinja za dothi losakaniza ndi simenti. Makolo atute mchenga wa kumtsinje, miyala ndi madzi, zimenezo ndiye zidzagwira ntchito.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, tikanataya mphamvu za anthu pachabe. Nanga pulani ya nyumbayo tijambulitse tokha?

Mmisiri wa zomangamanga:
Ayi. Unduna uli ndi mapulani ake ovomerezeka a mabuloko a sukulu. Pemphani ku ofesi ya a Director of Public Works (mkulu wa zomangamanga) kukhonsolo, akupatseninso BOQ, ndandanda yosonyeza zipangizo zonse ndi mitengo yake. Abwere adzaone malowo maziko asanakumbidwe, chifukwa malo a dambo kapena dothi la makande amang'ambula khoma. Kontirakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga.

Ntchito ikayamba, komiti iziyang'anira zinthu izi maso ali gwa. Matumba a simenti aziwerengedwa polowa ndi potuluka m'sitolo, buku likhale ndi anthu awiri. Mabuloko azithiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo simenti imafika mphamvu yake yonse pa masiku 28, ndiye mabuloko obwera osaphwa bwino abwezeni. Pulasitiki yotchinga chinyezi iyalidwe pamwamba pa maziko, mankhwala a chiswe athiridwe. Ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) isadumphidwe, ndipo mathirasi amangiriridwe ku khoma ndi zitsulo. Madenga a sukulu omwe amasasuka ndi mphepo nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Malata akhale a geji yomwe yalembedwa mu BOQ, osati opyapyala. Musasayinire kuti gawo latha musanalione ndi maso anu.

Mayi wa komiti ya chitukuko:
Pa za ndalama, matumba ndi angapo. Pali CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, yomwe imadzera kukhonsolo, ndiye aphungu ndi akhansala anu apatsidwe kopi ya pempho. Pakhalanso pali DDF, thumba la chitukuko la khonsolo, komanso MERP, pulojekiti ya unduna wa zamaphunziro yomwe yakhala ikumanga zipinda m'sukulu za pulayimale mothandizidwa ndi World Bank. SIG, ndalama yotukulira sukulu yomwe sukulu imalandira kuchokera ku boma, ndi yochepa, siyingamange buloko, koma buloko imeneyi ilembedwe mu School Improvement Plan yanu (pulani yotukulira sukulu) kuti aliyense aone kuti mudaiganizira kale. Kunja kwa boma, Press Trust ndi ofesi ya kazembe wa Japan akhala akuthandiza zomanga za sukulu, ndipo kalata ya khonsolo yovomereza ntchitoyo idzakuthandizani kwambiri kumeneko.

Ine chondidetsa nkhawa ndi malowo. Mawu a pakamwa a amfumu sakwanira. Pakhale kalata yosayinidwa ndi nyakwawa, gulupu, a T/A ndi mabanja omwe ankalima pamenepo, malire ayezedwe ndi a zamalo a kukhonsolo. Apo ayi, ana a eni munda amadzabwera buloko itafika pa windo n'kuimitsa ntchito.

Wodziwa za kukhonsolo:
Mayi anena zoona. Ndiwonjezere za Sitandade 8: limenelo ndi pempho lapadera kwa a DEM, musatsegule kalasi yatsopano panokha. Amaona kaye zipinda, zimbudzi za anyamata ndi atsikana zosiyana, madzi, ndiponso nyumba za aphunzitsi, popeza mphunzitsi wotumizidwa kumudzi kopanda nyumba sakhalitsa. Choncho mu pempho la bulokolo muikemonso zimbudzi ndi njira yotsetsereka ya ana oyenda pa njinga ya olumala, kuti zonse zilowe mu BOQ imodzi.

Wofunsa:
Mwatitsegula m'maso, akuluakulu. Loweruka tikumana ndi mafumu pa za kalata ya malo, Lolemba ahedi apita kwa a PEA ndi manambala. Za njerwa ndikawauza makolo madzulo ano kuti aimike kaye.