Manijala wa woimba akufuna dipoziti lero, koma bwana sakuyankha foni

Wothandiza bwana, ku Kapata

Akuluakulu anzanga pa ntchito, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene yandiimika mutu. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya pulomota wina, wokonza maphwando a nyimbo, kuno ku Chipata, ndipo ndine amene ndimasunga kalendala ya bwana, kulemba makalata, kulandira alendo ndi kusunga foni ya kampani imene ili ndi Airtel Money. Bwana anagwirizana pakamwa ndi manijala wa woimba wina wa ku Lilongwe kuti adzaimbe kuno usiku wa Loweruka la Nc'wala, anthu akamabwerera kuchokera ku Mtenguleni. Palibe chimene chinalembedwa kupatula uthenga umodzi wa pa WhatsApp wotchula mtengo m'makwacha, koma wosanena kuti ndi kwacha ya dziko liti. Lero m'mawa manijalayo wandiimbira kunena kuti pulomota wina wamulonjeza ndalama zoposa zathu pa usiku womwewo, ndipo ndikapanda kutumiza theka la malipiro dzuwa lisanalowe, tsikulo alipereka kwa mnzathuyo. Bwana ali ku Lusaka kumene akukumana ndi makampani amene tikufuna kuti atithandize ndi ndalama, ndipo foni yawo ikungoitana. Osindikiza mapositala nawonso akudikira mawu anga. Ndalama mu foni zilimo zokwanira. Kodi nditumize kuti tsikulo lisatipulumuke, kapena ndidikire ngakhale zitatanthauza kutaya woimbayo?

Mlembi wakale, ku Katete

Mwana wanga, usatumize ngakhale ngwee imodzi. Kudziwa nambala yachinsinsi ya foni sikutanthauza kuti unapatsidwa mphamvu yolipira, ndipo tsiku limene nkhaniyi idzavute, amene adzafunsidwe si manijalayo koma iweyo amene unadina batani. Komanso ganizira chimene ndalamayo ingakugulire lero. Palibe pepala lonena tsiku, malo, nthawi yokwera pa siteji, kutalika kwa kuimba kapena chimene chidzachitike woimbayo akapanda kubwera. Munthu amene wasiya mawu amene anapangana ndi bwana wako chifukwa wina wawonjezera mtengo angathenso kulandira dipoziti yako madzulo ano n'kulandira ya mnzanuyo mawa. Ameneyo akufuna kubisala m'mapanga awiri, ndipo usalole kuti wovumbwa akhale iwe.

Chimene uli nacho mphamvu yochita ndi kulemba. Mulembere manijalayo tsopano lino, mwaulemu, kuti kampani yanu ikadali pa mawu amene anagwirizana ndi bwana, kuti ukumutumizira pangano lolembedwa masana ano, ndiponso kuti dipoziti idzatuluka pangano likasainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Umupemphe kuti asunge tsikulo mpaka mawa masana. Usamukalipire ndipo usatchule pulomota winayo.

Wokonza maphwando a nyimbo, ku Petauke

Amayi anena zanzeru, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono, chifukwa ntchito yathuyi si ya mu ofesi ya boma kumene fayilo imatha kugona patebulo mlungu wonse. Nc'wala imachitika kamodzi pa chaka, Loweruka lomaliza la February, ndipo usiku umenewo mu Chipata mumadzaza anthu ochokera ku Lusaka, ku Malawi ndi kwina konse, amene ali ndi ndalama m'thumba ndipo akufuna kokacheza. Usiku wina wofanana nawo m'chigawo chino ndi wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, ndipo pakati pa awiriwa pali miyezi isanu ndi umodzi. Woimbayo akapita kwa wopikisana naye, bwana sadzayamikira kuti malamulo a mu ofesi anasungidwa. Adzafunsa chifukwa chake wothandiza wake anakhala manja lende ndalama zili mu foni. Ine ndikanati achemwali atumize kandalama kochepa kongogwirira tsiku, kamene kampani singalire nako katatayika, ndipo manijalayo alembe uthenga wovomereza kuti walandira.

Mlembi wakale, ku Katete

Achimwene, inu ndinu mwini kampani yanu, ndipo mukataya ndalama mwataya zanu. Mtsikanayu ndi wolembedwa ntchito. Kandalama kochepa kwa inu kangakhale malipiro ake a miyezi iwiri.

Wowerengera ndalama, ku Chipata

Ine ndikufuna kuima pa mawu akuti "makwacha", chifukwa pamenepo ndi pamene pali dzenje lalikulu kuposa nkhani ya dzuwa kulowa. Kwacha imodzi ya Zambia imasinthidwa ndi makwacha a Malawi makumi angapo, kotero nambala imodzimodziyo ikhoza kukhala mtengo wabwino kapena mtengo wogwetsa kampani, malinga ndi dziko limene wolembayo anali kuganiza. Mu pangano mulembe ZMW (kwacha ya Zambia) kapena MWK (kwacha ya Malawi), osati K yekha. Mukagwirizana m'ndalama ya Malawi, mulembenso tsiku limene mudzatengere mtengo wosinthira, pakuti mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mamanijala a kumeneko amasamala kwambiri za ndalama imene akulipidwira. Theka limene akulifuna lero ndi theka la chiyani, ngati ndalama yake yeniyeniyo simunaitchule?

Chachiwiri ndi msonkho. Malipiro a woimba amene sakhala m'dziko muno amadulidwa msonkho wa 20 peresenti, ndipo udindo wodula ndi kupereka ku ZRA, bungwe lotolera misonkho mu Zambia, uli pa kampani yolipira, osati pa woimbayo. Mamanijala ambiri akatchula mtengo amatanthauza ndalama imene ifike m'manja mwawo yathunthu. Ngati bwana anamva mtengowo ngati wophatikiza msonkho pamene manijala anali kunena wopanda msonkho, mkangano udzabuka kuseri kwa siteji usiku wa phwandolo, anthu atagula kale matikiti, ndipo pa nthawi imeneyo wamphamvu amakhala woimbayo, amene sanakwerebe pa siteji. Mzere umodzi wa mu pangano umathetsa zimenezi lero.

Pomaliza, achemwali, nambala imene akufuna kuti mutumizireko ndalama ndi ya yani? Dzina lotuluka pa foni lifanane ndi dzina la pa invoisi ndi la mu pangano. Likasiyana, funsani chifukwa chake musanapite patsogolo.

Woyendetsa alendo ndi katundu, ku Mwami

Pepani polowerera, koma tonse tikukambirana za ndalama ngati kuti woimbayo wafika kale. Nzika ya Malawi imalowa mu Zambia popanda viza ikamabwera kudzacheza, koma kudzaimba molipidwa ndi ntchito, ndipo pamafunika chilolezo cha a Immigration. Pulomota wobweretsa woimba wakunja amadutsanso ku National Arts Council of Zambia, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, kuti phwandolo livomerezedwe. Mapepala amenewa amafuna makope a mapasipoti a gulu lonse, ndipo kawirikawiri amafunanso pangano losainidwa, lomwelo limene inu mulibe. Choncho pangano si mwambo chabe wa mu ofesi. Popanda ilo simungayambe n'komwe kupempha zilolezo.

Kuyambira mu December 2022 chipata cha m'malire cha Mwami ndi Mchinji chinakhala choonetsera mapepala a maiko onse awiri pa malo amodzi, ndipo zimenezi zinachepetsa kuima kawiri, koma sizinachotse kufunsa. Ngati gululo likubwera ndi magitala, kiyibodi ndi ng'oma zawo, mulembe mndandanda wa zida zonse ndi manambala ake kuti a kasitomu aone kuti zalowa mongoyembekezera ndipo zidzatulukanso. Ndaonapo gulu litakhala pa chipata mpaka mdima chifukwa cha mndandanda umenewu, ku holo anthu akuimba mluzu. Musaiwalenso laisensi ya nyimbo zoimbidwa pagulu yochokera ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kudziwitsa apolisi, ndi chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Ndipo malo ogona mu Chipata pa mlungu wa Nc'wala amatha msanga kwambiri, motero funsani lero kuti gululo ndi la anthu angati, chifukwa "woimba mmodzi" amatha kufika ndi minibasi yodzaza.

Mlembi wakale, ku Katete

Tsopano za bwana. Kuimba foni kambirimbiri munthu ali pa msonkhano sikuthandiza, chifukwa amangoona dzina lako n'kuganiza kuti adzakuimbira akatuluka. Imbira dalaivala wawo, kapena polandirira alendo pa malo amene akuchitira msonkhanowo, upemphe kuti awapatse kapepala pa nthawi ya tiyi. Uthenga wako ukhale waufupi woti angauwerenge ataimirira: chimene manijala wanena, nthawi imene wapereka, zimene wachita kale, ndi mafunso awiri oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Usawalembere mbiri yonse. Mapositala aime; dzina la woimba likangopachikidwa pa mitengo ya mu Umodzi Highway pangano lisanasainidwe, mtengo wake umakwera ndipo manyazi amakhala anu.

Akabwerera bwana, uwapemphe kalata yaifupi yonena ndalama imene ungatulutse iwo kulibe, ndi pa zinthu ziti. Pamenepo mawu a achimwene a ku Petauke adzakhala ndi poimira.

Wothandiza bwana, ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Ndinalembera manijalayo monga ananenera amayi, ndipo wavomera kusunga tsikulo mpaka mawa 12 koloko. Bwana ndawapeza kudzera mwa dalaivala. Pa ndalama onse awiri anali kunena kwacha ya Malawi, koma pa msonkho anali osiyana ndendende monga anachenjezera akulu owerengera ndalama: manijala akufuna mtengowo wathunthu m'manja, pamene bwana anali atauwerengera ndi msonkho womwe. Bwana alankhula naye okha madzulo ano, ndipo andilola polemba kuti nditumize gawo limodzi mwa magawo anayi pangano likangosainidwa. Gululo ndi la anthu asanu ndi atatu, ndipo mapasipoti ayamba kufika. Chatsala ndi chimodzi: malo athu ndi a panja, ndipo February ndi mwezi wa mvula. Kodi mu pangano ndilembe chiyani pa zimenezi?

Wokonza maphwando a nyimbo, ku Petauke

Achemwali, lembani kuti mvula ikaletsa phwando woimbayo atafika kale ku Chipata, dipoziti ndi yake pamodzi ndi ndalama ya ulendo ndi malo ogona, koma zotsalazo zidzalipidwa pa tsiku lina limene mbali zonse zidzagwirizane, ndipo mutchule mwezi umene tsikulo lisapitirire. Mulembenso kuti amene adzagamule zoti phwando laimitsidwa ndi bwana wanu atamva kwa mwini zokuzira mawu, chifukwa iyeyo ndiye amayamba kuzimitsa zida zake madontho akangoyamba. Ngati pafupi pali holo, funsani mtengo wake mawa m'mawa musanasaine, kuti bwana adzasankhe akudziwa kuti denga likuwonjezera zingati.