Akuti agogo anali "a ndege" pa nkhondo ya Hitler, koma ku Britain dzina silikupezeka

Nachisale (Lilongwe): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndalandira ntchito ya mayi ena okhala ku Leeds, kwawo ndi ku Ntcheu. Akufuna ndiwalembere mbiri ya agogo awo aamuna kuti asindikize kabuku ka pabanja. Kumudzi aliyense amati agogowo anali msilikali wa ndege pa nkhondo ya Hitler. Mayiwa anapempha okha mapepala a usilikali kudzera pa gov.uk, webusaiti ya boma la Britain, monga amachitira amene abale awo anali mu RAF (gulu la asilikali a ndege la Britain), yankho n'kubwera lakuti dzinalo silikupezeka. Zomwe zilipo ndi izi: chithunzi chimodzi, agogo ali ndi anzawo atavala khaki, mmodzi wagwira mfuti, dzina la ubatizo ndi mfunda, anabadwa cha m'ma 1920, anamwalira mu 1987. Nambala ya usilikali palibe. Kodi ndilembenso komweko ndi kalembedwe kena ka dzina?

A Mbewe (Zomba): Mayi, musalembe kaye. Musanafunse kuti faelo ili kuti, dziwani boma limene linawalemba ntchito. Amuna ambiri a kuno amene anapita ku nkhondo imeneyo analowa King's African Rifles. Mabataliyoni oyamba awiri a KAR anali a kuno ku Nyasaland, ndipo nkhondo ili mkati anawonjezera ena. Anamenya ku Abyssinia (Ethiopia wa lero) mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma. Mu 1944 asilikali a 11th East African Division ankayenda m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, misewu ili matope okhaokha, chakudya ndi zipolopolo zikuponyedwa kuchokera m'ndege. Munthu wotere akamasimbira zidzukulu pamoto, ndege sizingasowe m'nkhani. Zidzukuluzo zikakula zimangoti agogo anali a ndege.

Funsani kumudzi ngati pali kabuku kolandirira malipiro, chikalata chowatulutsa usilikali, kapena mamendulo. Mukaona nambala yoyamba ndi DN, dziwani kuti ndi msilikali wa ku Nyasaland, nkhani ya RAF yatha. Chithunzicho achitembenuze, aone kumbuyo.

A Tembo (London): Ndionjezere pa mamendulo, a Mbewe. A Britain a nkhondo imeneyi ankaperekedwa opanda dzina, ndiye musayembekezere kuwerengapo nambala. Amathandiza pa malo basi: Burma Star ikuuzani Burma, Africa Star ikuuzani kumpoto kapena kumvuma kwa Africa.

Za RAF yeniyeni, zimayenda chonchi. Msilikali wamba anali ndi Form 543, bwana Form 1406. Pamenepo pamalembedwa tsiku lolowa, ntchito yake, magulu amene anatumizidwako, kukwezedwa, ndi tsiku lotuluka, zonse m'zidule zopweteka mutu. Mafaelo amenewa ankasungidwa ndi Ministry of Defence, koma kuyambira 2021 akhala akusamutsidwira ku The National Archives ku Kew pang'onopang'ono, choncho muziwerenga malangizo a pa gov.uk tsiku lomwe mukulembalo, osadalira zomwe munamva chaka chatha. Musanalembe n'komwe, yang'anani AIR 78. Ndi mndandanda wa ku Kew konko wa makhadi a asilikali wamba a RAF kuyambira 1918 mpaka 1975, pamakhala dzina ndi nambala basi. Dzina likasowa pamenepo pa malembedwe onse amene mungaganize, kalata yachiwiri ibweranso ndi yankho lomwelo.

Nachisale: Ndawaimbira azakhali awo a mayiwa, ndi amene akusunga chithunzi ku Ntcheu. Kumbuyo kwalembedwa ndi pensulo "Heany 1943". Mamendulo sanawaonepo. Akuti malemuwo anapita ku Halale nkhondo isanayambe, akadali mnyamata, ndipo anakakhala ku Bulawayo. Za Burma kapena za sitima ya pamadzi sanatchulepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anabwerera kumudzi nthawi ya Chitaganya.

A Phiri (Harare): Heany! Mlongo, mwapeza mutu wa njoka. Heany inali bwalo la ndege kunja kwa Bulawayo, limodzi mwa mabwalo a Rhodesian Air Training Group. Britain inkafuna malo ophunzitsira oyendetsa ndege kutali ndi mabomba a Germany, kumene thambo limakhala loyera miyezi yambiri, ndipo Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero) inavomera. Sukulu yoyamba inatsegulidwa ku Belvedere mu Salisbury (Harare wa lero) mu May 1940. Zina zinali ku Cranborne ndi Mount Hampden cha ku Salisbury konko, Thornhill, Guinea Fowl ndi Moffat cha ku Gwelo (Gweru wa lero), ndiye Kumalo, Induna ndi Heany ku Bulawayo. Ya ku Heany inali No. 23 Service Flying Training School.

Mabwalo onsewa anamangidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo atatha kumangidwa ankafunika alonda, ophika, ochapa, okonza misewu. Mu 1941 boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa Rhodesian Air Askari Corps, gulu la anthu akuda lolondera mabwalo ndi ndege, ena ali ndi mfuti, ena akugwira ntchito za manja. Nthawi imeneyo anthu a kwathu anali mbwee m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni a dziko lino; agogo anga enieni anabwera pa malole a Ulere, onyamula mwaulere anthu ofuna ntchito. Mnyamata wa ku Ntcheu amene anali kale ku Bulawayo, atavala khaki pa Heany mu 1943, mnzake atagwira mfuti, ine ndingayambire kumuyang'ana m'gulu limeneli. Ndiye banja silikunama, anali wa ndege ndithu. Kungoti gululo linali la boma la ku Salisbury, n'chifukwa chake ofesi yosunga mafaelo a RAF sikumudziwa. Khomo logogoda ndi National Archives of Zimbabwe, kuno ku Harare pa Borrowdale Road.

A Tembo: Ndikugwirizana nazo, koma Kew musaitaye. Gulu lililonse la RAF linkalemba buku la zochitika, Operations Record Book, pa Form 540. A ma squadron ali mu AIR 27, a masiteshoni mu AIR 28, a masukulu ophunzitsira ndi timagulu tina mu AIR 29. Buku la sukulu ya ku Heany likuuzani zomwe zinkachitika pamalopo mwezi ndi mwezi: ngozi za ndege, magulu a ophunzira obwera ndi omaliza, alendo akuluakulu. Olemba ake ankasamala za oyendetsa ndege, choncho musayembekezere kupezamo dzina la askari. Koma pa kabuku ka pabanja, kudziwa zomwe munthu ankaona ali pa geti mu 1943 n'kwamtengo. Ku Kew amalola kujambula ndi foni. Mukafuna ndikakujambulireni masamba a chaka chimenecho.

Nangozo (Blantyre): Pepani ndilowerere, ine ndine wamng'ono pa ntchitoyi. Sitikuthamanga kodi? Pensulo kumbuyo kwa chithunzi angalembe aliyense. Mwina ndi chithunzi cha mnzawo, iwo anangobwereka yunifolomu kuti ajambulitse.

A Mbewe: Funso labwino, mwana wanga, ndipo zobwereka yunifolomu zinkachitikadi. N'chifukwa chake a Phiri anena kuti "ndingayambire", sananene kuti nkhani yatha. Palinso njira yachitatu: pamabwalo paja panali antchito wamba olembedwa ngati ophika kapena a m'dimba, amene sanalumbire usilikali uliwonse. Mayi Nachisale, pemphani azakhaliwo apite nacho chithunzi kwa wojambula pa boma akachijambule bwino pa sikana, osati pa WhatsApp pomwe chimafika chitafufutika. Tione chipewa, baji, lamba, ndi amene wagwira mfutiyo kuti ndi agogo kapena mnzawo.

Tsopano za dzina, pamene ambiri timagwera. Kalaliki wa nthawi imeneyo sankafunsa mfunda. Ankalemba dzina limodzi la munthu, dzina la bambo ake, mudzi, mfumu ndi boma. Mwina Yohane analembedwa John kapena Johannes, ndipo dzina lachiwiri n'kukhala la bambo ake, pomwe banja lero likudziwika ndi mfunda. Ena akafika ku Halale ankatenga dzina la pantchito lomwe kumudzi silinamvekepo. Ena ankayendera chitupa cha mchimwene wawo. Choncho kalata yopita ku Harare ikhale ndi mayina onse: laubwana, lachinamwali, laubatizo, la bambo, la malume, nyakwawa wa nthawi imeneyo, mfumu yaikulu, ndipo boma mulembe "Ncheu" monga ankalembera atsamunda. Mayina a nyakwawa amasintha, ndiye funsani okalamba kuti mudziwo unkatchedwa chiyani mu 1940, osati lero.

A Phiri: Zoona, bambo. Ndionjezere mpingo. Ngati anali a Nkhoma, anthu a kwathu anali ndi mipingo yawoyawo kuno kuyambira kale, imene inadzakhala Harare Synod ya CCAP. Munthu akamachoka ankatenga kalata ya mpingo, akamabwerera chimodzimodzi. Buku la mpingo wa kumudzi likhoza kuonetsa chaka chomwe anabwerera ndi mpingo womwe anachokera ku Bulawayo, ndipo dzina lomwe ankadziwika nalo kuno limatulukira pamenepo. Nditumizireni mayinawo, ndikaone ma katalogu pa Borrowdale Road. Komabe kasitomala musamulonjeze faelo ya munthu mmodzi monga Form 543. Muwauze kuti tikufufuza mapepala a gululo, ndipo dzina likapezeka ndi mwayi woonjezera.

Nachisale: Apa ndiye pali vuto langa lenileni. Mayiwa mumtima mwawo agogo ankayendetsa ndege. Anauza kale ana awo kusukulu ku Leeds. Ndikawauza kuti mwina anali mlonda wa pa bwalo, sindikudziwa kuti alipira gawo lachiwiri.

A Tembo: Musawayankhe kuti munthu wakuda sakanatha kukhala m'ndege za RAF, chifukwa akakapeza zosiyana pa intaneti sadzakukhulupiriraninso. Britain inachotsa lamulo loletsa anthu akuda kulowa mu RAF mu October 1939, ndipo ena a ku Caribbean ndi ku West Africa anaulukadi. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone anali navigator (wolondolera njira ya ndege), ndege yake inawomberedwa mu 1943 n'kukhala mkaidi ku Germany. Koma anthu amenewo analembedwa mu RAF, ali ndi nambala, ndipo amene anakhala mabwana mayina awo ali mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la Britain. M'masukulu a ku Rhodesia anthu akuda sankaphunzitsidwa kuyendetsa ndege. Auzeni zimenezo mosabisa, muwaonetse kuti mwayang'ana mu AIR 78 ndi mu Gazette.

A Mbewe: Ndipo kabukuko mukagawe poyera: izi zatsimikizika ndi pepala, izi akusimba azakhali, izi ndi zomwe zinkachitika ku Heany chaka chimenecho. Mawu a azakhali muwajambule pa foni sabata ino, musadikire yankho la ku Harare. Mapepala adikira, okalamba sadikira. Muwafunse zing'onozing'ono, monga nyimbo zomwe malemu ankaimba, mawu a Chindebele omwe ankatulutsa akakwiya, zomwe anabwera nazo m'sutikesi. Za ndalama, ine ndimalipiritsa maola ofufuza, osati zomwe zapezeka, ndipo ndimalemba zimenezo ntchito isanayambe. Mukalipiritsa zotsatira mudzayamba kukometsera nkhani kuti mulandire.

Nangozo: Nanga chikalata cha imfa? Anamwalirira kumudzi mu 1987, sindikukhulupirira kuti chilipo.

A Tembo: Chimathandiza mukamapempha faelo ya munthu ku Britain, chifukwa popanda icho akhoza kubisa zina za m'faeloyo, pokhapokha ngati anafera pa usilikali kapena anabadwa kale kwambiri. Mabuku a AIR 29 safuna chikalata chilichonse, aliyense amawerenga. Nachisale, afunseni mayiwa kuti pempho loyamba lija anatumiza ndi umboni wanji. Ngati chidzafunikabe, ayambire kwa nyakwawa kenako ku ofesi ya NRB pa boma la Ntcheu.

Nachisale: Zikomo nonse. Azakhali avomera kupita ndi chithunzi pa boma Lachisanu. A Phiri, mayina ndikutumizirani ndikangolankhula ndi okalamba a m'mudzimo. A Tembo, kajambuleni masamba a 1943, ndipo ngati buku silalikulu muyambire pomwe sukuluyo inatsegulidwa. Mundiuze mtengo wa thiransipoti ndiike pa bilu ya mayiwa.