Mabuku atatu a Pullman tili nawo koma nkhani sikutha, thandizeni

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Akuluakulu mwaswera bwanji mgulu muno. Ndili ndi kavuto kandichititsa manyazi lero pamaso pa ana. Chaka chatha tinalandila makatoni a mabuku opatsidwa ndiye mkatimo munali atatu a Philip Pullman, Northern Lights, The Golden Compass ndi The Subtle Knife, ine poona kuti nkhani ya His Dark Materials imakhala ya mabuku atatu ndinangowerenga wani thu firii basi, kudinda sitampa, kulemba mu rejista, kumata malebulo 1 2 3 ndi selotepi nkuyika pa shelefu. Ndiye lero kamtsikana ka fomu 2 kabwera nkhope ili gwaa akuti madamu buku 1 ndi buku 2 nzimodzi mwandidyera masabata awiri, ndipo lomwe mwalemba 3 lathera panjira, mtsikana wa mnkhanimo Lyra wasowa, mnyamata uja Will bambo ake aphedwa ndiye basi?? Ine kukamwa kunangoti kakasi. Kodi ndalakwitsa pati kapena buku lina analisindikiza molakwika

Achimwene a ku Zomba:
Kkkkk madamu pepani koma mwanayo akunena zoona. Northern Lights ndi The Golden Compass ndi buku limodzi. Linatuluka ku Britain mu 1995 ndi dzina loti Northern Lights, litapita ku America osindikiza akumeneko analipatsa dzina lina lija, ndipo filimu ya 2007 inatenganso dzina la ku America ndiye chisokonezo chinangokulirakulira. Tsegulani onse awiri chaputala choyamba muwaike pambali, mupeza Lyra yemweyo akuzemba kulowa mchipinda choletsedwa ku Jordan College. The Subtle Knife ndi lachiwiri, la 1997. Lomaliza mulibe, dzina lake The Amber Spyglass, linatuluka mu 2000.

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Aaa ndatsegula ndi zomwezo ndithu mawu ndi mawu. Mayo ine. Ndiye chaka chonse ana akhala akubwereka buku limodzi kawiri osanena kanthu

Mphunzitsi wa Chingerezi, Kasungu:
Osanena chifukwa sankawerenga asisi kkkk, ameneyo ndi woyamba kufika kumapeto, mugulireni fanta

Achimwene a ku Zomba:
Zoona zimenezo. Koma konzani kaye rejista lero lomwe musanaiwale. Manambala a accession, aja olowetsera buku mu rejista, musafufute, buku lililonse likhale ndi nambala yake monga munalembera, inu mungolemba pambali ndi bolopeni yofiila kuti awiriwa ndi buku lomwelo maina osiyana. Malebulo matulani, onse awiri akhale F PUL 1 (F ya fiction, PUL ya Pullman), The Subtle Knife akhale F PUL 2. Ine ndimamatanso kapepala mkati mwa chikuto kolemba mndandanda wonse wa mabuku atatu ndi zaka zake kuti mwana adziwe pomwe ali. Ndipo ulendo wina katoni ikafika muziyamba mwaona katsamba kakuseri kwa tsamba la mutu kaja ka zilembo zing'onozing'ono, mabuku a ku America ndi a ku Britain amakonda kusiyana maina ndipo nthawi zambiri pamenepo amalembapo dzina loyambilira.

Mayi a ku Mulanje:
Imani kaye. Ine kuno The Amber Spyglass ndili nawo awiri ndipo akungodya fumbi chifukwa loyamba ndilibe, ana akatenga amabweza mawa lake akuti sizikumveka. Nzoona sizingamveke, buku limayamba Lyra ali mtulo mphanga mayi ake Mrs Coulter akumumwetsa mankhwala ogonetsa, mwana amene sanawerenge awiri oyamba aja adziwa bwanji kuti ameneyu ndi ndani. Madamu tisinthane, mundipatse limodzi mwa awiri anu ofanana aja ine ndikupatseni lomaliza. The Subtle Knife ndili nalo kale lothothoka chikuto koma limawerengeka

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Mayi mwandiombola!! Ndikupatsani Golden Compass, ine nditsale ndi Northern Lights poti chikuto chake chikufanana ndi Subtle Knife wanga

Bambo a sukulu ya mishoni, Dedza:
Musanathamange madamu, sukulu yanuyo si ya mpingo? Ndikufunsa dala chifukwa buku lachitatuli silofanana ndi awiri aja. Oyamba aja munthu utha kungoona zimbalangondo zovala zida zachitsulo, mfiti zouluka, mpeni wocheka zenera lolowera dziko lina, nkumati ndi nthano basi ngati za kalulu. Koma lomalizali nkhondo yake ndi yolimbana ndi wina wotchedwa the Authority, amene bukulo limati ndi mngelo woyamba yemwe ananamiza angelo anzake kuti iye ndi mlengi, ndipo kumapeto amaoneka ali nkhalamba yofookeratu nkungosungunuka ndi mphepo. Mpingo wa mnkhanimo ndi oipa, mpaka amatuma wansembe kuti akaphe Lyra. Lyra ndi Will amatsikira ku dziko la akufa nkupeza kuti kulibe paradaiso, onse abwino ndi oipa angounjikana malo amodzi amdima. Ine sindikuti muliwotche ayi, ndikungoti kholo limodzi lokha likatsegula pa tsamba lolakwika nkhani ikafika kwa abambo mfumu, amene adzaitanidwe ku ofesi ndinu osati Pullman.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Kasungu:
Bambo zomwe mwanenazo zilimo sindikukana, koma mukangotchula zokhazo mukhala ngati mwalawa ndiwo pa chivindikiro. Buku lomwelo ndi limene linapata Whitbread Book of the Year ya 2001, koyamba buku la ana kupambana mphoto yaikuluyo kuposa mabuku a akuluakulu. Ndipo Rowan Williams ali Archbishop wa Canterbury analiikira kumbuyo mu 2004 mpaka kunena kuti mabukuwa atha kuthandiza pa maphunziro a zachipembedzo msukulu. Ku America gulu la Catholic League ndi lomwe linauza anthu kuti asakaonele filimu ija mu 2007. Ndiye ngakhale a mipingo okhaokha sanagwirizane. Ine chimene sindimaiwala mbukuli si za angelo nkomwe, ndi pamene Lyra akukwera bwato lopita kwa akufa ndipo wopalasa akumuuza kuti Pantalaimon, daemon wake, sakwera nawo. Kwa amene simunawerenge, mdziko la Lyra munthu aliyense mzimu wake umayenda pambali pake ngati kanyama, amati daemon, ndipo kusiyana nako kumapweteka ngati akukuzula mtima. Ndiye amamusiya pa doko kali ngati kagalu konyowa kakumuyang'ana bwato likupita, zonsezo chifukwa analonjeza kukapepesa kwa mnzake Roger amene anafa mbuku loyamba. Ine munthu wamkulu ndinatseka buku nkutuluka panja kaye. Mwana amene wafika kale pa Subtle Knife mukamumana zimenezi ndi nkhanza

Bambo a sukulu ya mishoni, Dedza:
Aphunzitsi inu muli pa sukulu ya boma, Archbishop wa Canterbury sadzabwera kudzakhala nawo pa miting'i ya PTA ku Ntcheu kkkk. Koma ndamva. Inenso bukulo ndinalimaliza, zinyama zija zoyenda pa mateyala a zipatso zamtengo, mulefa, zinandisangalatsa kwabasi. Mfundo yanga ndi ya ntchito yathu basi, munthu asadzidzimuke.

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Eee ndi ya mpingo bambo mwalasa. Ndiye nditani poti mwana ndamulonjeza kale kuti ndilipeza, ndipo anzake atatu amva akudikiranso

Mayi a ku Mulanje:
Chimene ndimachita ine pa mabuku otere, ndimayamba ndawerenga ndekha. Lili ndi machaputala 38 masamba kupitilira 500 ndiye musadzinamize kuti mumaliza pa wikendi imodzi muli ndi zochapa, dzipatseni masabata awiri. Mukatero pitani kwa ahedi inuyo nokha buku lili mmanja, osadikira kuti akamve kwa ena, muwauze mwachidule kuti muli zakutizakuti ndipo awiri oyamba ali kale pa shelefu. Ahedi ambiri chimene amadana nacho ndi kumva nkhani kwa kholo iwo asakudziwa. Akavomera liikeni mkabati ya kuseri kwa desiki yanu, obwereka akhale amene amaliza 1 ndi 2, rejista ikuuzani. Mwana woti wadutsa mabuku awiri aakulu chonchija mChingerezi atha kusiyanitsa nthano ndi katekisimu

Achimwene a ku Zomba:
Ndikugwirizana ndi mayi. Kuwonjezera pang'ono, Mayi a ku Mulanje taonani awiri anuwo anasindikizidwa kuti. La ku America la Knopf anadulamo mizere ingapo mu chaputala 33 chotchedwa Marzipan, pomwe Lyra akuyamba kumva mthupi zachikondi atamva nkhani ya mayi wasayansi wa mbukumo Mary Malone, la ku Britain la Scholastic zilimo zonse. Si zolaula ayi ndi timizere towerengeka, koma poti madamu ali pa mishoni adziwiretu lomwe alandire

Mayi a ku Mulanje:
Ndaona, limodzi Scholastic linalo Knopf. Madamu sankhani

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Ndipatseni la Scholastic lifanane ndi anzake, timizere timeneto ndiwerenga ndekha ndione. Koma funso lina, poti ana odikira alipo anayi bwanji ndingopanga fotokope machaputala oyamba azigawana

Achimwene a ku Zomba:
Ayi madamu zimenezo zisiyeni. Buku ili lili ndi mwini wake wamoyo ndipo nkhani za fotokope msukulu zili ndi malamulo ake, a COSOMA ndi amene amayang'anira. Komanso tona ndi mapepala mungawononge pamenepo bola kukasaka lina pa mabuku akaunjika mtauni. Lembani mndandanda wa odikira, aliyense masabata awiri, woyamba akhale kamtsikana kanagwira vutoka. Ndipo mukamasaka samalani, Pullman analembanso ena a Lyra yemweyo, La Belle Sauvage la 2017 ndi The Secret Commonwealth la 2019, amenewo ndi gulu lina lotchedwa The Book of Dust, wogulitsa asakunamizeni kuti ndi buku 3. The Secret Commonwealth Lyra ndi wamkulu kale ndipo si la fomu 2 limenelo

Mphunzitsi wa Chingerezi, Kasungu:
Ndipo musungiretu tishu pa desiki, akafika pa benchi ya ku Botanic Garden ku Oxford abwera maso ali psuu kudzakufunsani kuti nchifukwa chani Will ndi Lyra sangangokhala dziko limodzi

Madamu a laibulale, Ntcheu:
Aphunzitsi inu mwayamba kundiululira nkhani ndisanawerenge!! Khalani chete kkkk. Mayi tikumana bwanji, ine Loweruka ndikutsikira ku Limbe kukagula mayunifolomu a ana

Mayi a ku Mulanje:
Ine sindibwera koma mlamu wanga amakwera minibasi ya mmamawa kupita ku Limbe Loweruka lililonse, ndimupatsira mu envelopu. Ndidinda sitampa ya withdrawn ndi kalata ya ahedi athu kuti asakugwireni ngati mwaba, inunso chitani chimodzimodzi pa Golden Compass. Nambala yake ndikutumizirani ku inbox