Mahotela a juga a ku Las Vegas akagwetsedwa, mapulani ake amapita kuti?

Mmisiri_wa_Matawale

Akuluakulu, ndithandizeni. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani, makamaka nyumba za zipinda zitatu ndi timashopu ta kuno ku Matawale ndi ku Chinamwali. Mphwanga wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp koonetsa hotela ya Tropicana ya ku Las Vegas akuigwetsa ndi mabomba mu Okutobala 2024. Nsanjika ziwiri zitalizitali zinangoti khuu, fumbi koboo, anthu n'kumaombera m'manja ngati kwabadwa mwana. Hotela yoti inatsegulidwa mu 1957!

Za juga zilibe nane ntchito, sindinaponyepo ndi kwacha imodzi yomwe. Chandiwawa n'chakuti alipo munthu amene anagwada pa tebulo ndi pensulo ndi rula, kuwerengera zitsulo, kuyeza masitepe, ndiye zonsezo n'kuthera m'masekondi ochepa. Kodi mapepala ake alipo amene amawasunga? Nanga zithunzi za mmene mzindawo unkaonekera usanadzaze magetsi? Munthu wokhala kuno ku Zomba angazione, kapena mpaka akwere ndege?

Nambewe_Chirunga

Bambo, ndege isakuvuteni, bandulo yokha ikwana. Yunivesite ya kumeneko, University of Nevada, Las Vegas, ili ndi gawo mu laibulale yake lotchedwa Special Collections and Archives. Kumeneko n'komwe kuli mapulani a amisiri awiri amene anajambula mahotela ambiri a mzindawo, Martin Stern Jr. ndi Homer Rissman. Ena anawaika pa intaneti pansi pa dzina loti Dreaming the Skyline. Stern ndi amene anajambula International Hotel ya mu 1969 ndi MGM Grand yoyamba ya mu 1973, ija inapsa mu 1980 n'kupha anthu oposa 80. Rissman ndi wa Circus Circus.

Kugwetsako musadabwe nako, ndi khalidwe lawo. Dunes inagwa mu 1993, pamalo pake pali Bellagio. Sands inagwa mu 1996, pali Venetian. Stardust mu 2007. Malo a m'mbali mwa Strip, msewu waukulu wa mahotelawa, ndi odula kuposa nyumba imene yakhalapo, ndiye hotela ikayamba kuchepa makasitomala, basi yatha.

Mzindawo ndi wamng'ono kwa Zomba pa zaka. Unayamba pa 15 Meyi 1905 pamene kampani ya njanji inagulitsa mapuloti m'chipululu, pomwe nyumba ija ili Hotel Masongola pano inamangidwa mu 1886. Juga anailoleza ku Nevada, dera la America komwe kuli mzindawu, mu 1931, chaka chomwe ntchito ya damu la Hoover inayamba n'kubweretsa chikhamu cha antchito okhala ndi malipiro m'thumba.

Chejambula_wa_kumsika

Mayi Nambewe anena zoona, koma ndikuchenjezeni pa zithunzi, mwanawe. Ine ndakalambira pa kamera, kuyambira nthawi ija tinkatsuka mafilimu m'chipinda cha mdima, ndipo chithunzi ndimachidziwa kuti chimanama bwanji. Munthu akabwera kudzajambulitsa amabwereka jekete, amaima pa galimoto ya eni ake. Mzinda nawonso umatero.

Zithunzi zambiri zakale za Las Vegas zinachokera ku Las Vegas News Bureau, ofesi yomwe inakhazikitsidwa mu 1947 ndi cholinga chimodzi, kuitana alendo. Ankajambula atsikana pa damu losambira, oyimba otchuka, magetsi usiku, n'kumatumiza ku nyuzipepala za m'dziko lonselo. Kuyambira mu 1951 boma la America linkaphulitsa mabomba a nyukiliya m'chipululu cha Nevada, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda, ndipo ngakhale utsi umenewo anausandutsa malonda. Fufuzani chithunzi cha Don English cha mu 1957, mtsikana akuseka manja ali m'mwamba, atamata thonje looneka ngati bowa wa utsi wa bomba pa chovala chake. Chithunzi chokongola zedi. Koma anthu amene fumbi la mabombawo linkawagwera simuwaonamo.

Ndiye muyang'anenso kuti anthu akuda ali pati. Iwo ndi amene ankachapa, kuphika ndi kukonza m'zipinda, koma kugona ankagona ku Westside, kutsidya kwa njanji. Ngakhale oyimba akuda odzaza holo ankakanizidwa bedi mu hotela momwe aimbamo. Hotela ya Moulin Rouge, yoyamba kulandira mitundu yonse, inatsegulidwa mu Meyi 1955 ndipo sinathe ndi chaka chomwe. Tsankholo m'mahotela linadzatha ndi mgwirizano wa mu 1960.

Kamnyamata_ka_Sadzi

Koma inu, misewu yathu ili ndi maenje chonchi, ife n'kumalira nyumba za juga za ku America? Kkkk

Mmisiri_wa_Matawale

Iwe wa ku Sadzi, maenjewo tikambirana pena, pano tisiye kaye.

Mayi Nambewe, zikomo kwambiri, bandulo yandithera koma sindikudandaula. Ndakhalitsa pa International Hotel. Nsanjika yake ili ndi mapiko atatu okumana pakati ngati chilembo cha Y. Poyamba ndinkayesa n'kukongoletsa chabe, koma ukaganiza ngati mmisiri umaona nzeru yake: ma lift onse ali pamphambano, ndiye mlendo sayenda mtunda wautali m'khonde la m'kati, chipinda chilichonse chili ndi zenera loona kunja, ndipo zipinda zoposa 1,500 zakwana pa maziko amodzi. Mapaipi a madzi amangokwera molunjika, bafa pamwamba pa bafa linzake. Ine ndimalimbana ndi kasitomala wofuna chimbudzi uku, khitchini uko, osaganiza za mtengo wa mapaipi. Ndidzamuonetsa zimenezi.

Pansi ndiye pali ukathyali. M'mahotela amenewa holo ya juga amaiika poti uzidutsapo ndithu, kaya ukupita kukadya, kaya kukagona, ndipo mazenera mulibe kuti usadziwe kuti kunja kwacha. Zimenezi chithunzi cha panja sichingakuuze.

Apa ndi pamene ndagwirizana nanu, Chejambula. Chithunzi anajambulira mlendo, pulani anajambulira womanga, ndipo womanga sungamunamize chifukwa khoma likugwera. Pa pulani pamaoneka khitchini, mochapira, mosungira katundu, khomo lolowera antchito. Anthu amene kamera inawasiya, pulani imakuonetsako njira yomwe ankadutsa. Kwa ine pepala limodzi lotere liposa zithunzi khumi za magetsi.

Tsono zandiganizitsa za kwathu kuno. Iwo nyumba agwetsa koma mapepala ali nawo. Ife nyumba ya Malamulo yakale ilipo, Gymkhana Club ilipo, nsanja ya wotchi yokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles) ilipo, koma ndani mwa ife amisiri a masiku ano anagwirapo pulani ya imodzi mwa zimenezi? Mapulani anga omwe ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo chinyezi cha ku Zomba mukuchidziwa.

Nambewe_Chirunga

Pitani ku National Archives mukafunse, ndi pakhomo pathu pomwepa, ndipo inayamba mu 1947 momwemo. Mungodziwiratu kuti zolemba zambiri za boma zoyambirira zinapsa pamene ofesi ya Secretariat inayaka moto mu 1919. Zithunzi zina zakale zili ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ku Blantyre.

Poti mwakonda za mapulani, dziwaninso kuti mmodzi mwa anthu amene anachititsa kuti amisiri ayambe kuulemekeza mzindawu ndi mayi wobadwira kufupi konkuno. Denise Scott Brown anabadwira ku Nkana, ku Zambia, mu 1931, n'kukulira ku Johannesburg. Mu 1968 iye ndi Robert Venturi ndi Steven Izenour anatenga ophunzira a ku yunivesite ya Yale kukajambula ndi kuyeza Strip, pa nthawi yomwe ophunzira ambiri a zomangamanga ankati ndi zinyalala. Buku lawo la Learning from Las Vegas linatuluka mu 1972, ndipo zambiri zomwe anajambulazo pano kulibe.

Zikwangwani zina za magetsi za mahotelawo anazipulumutsa. Neon Museum, yomwe inayamba mu 1996, inatola zakale monga cha Stardust ndi cha Moulin Rouge. Polandirira alendo pake ndi chipinda cha La Concha Motel, ntchito ya Paul Revere Williams, mmisiri wakuda, cha mu 1961. Anachidula zidutswa n'kuchinyamula pa malole.

Chejambula_wa_kumsika

Mwanawe wa ku Matawale, katoniyo ichoke pansi lero lomwe, chiswe sichidikira. Ine ndili ndi manegetivu a m'ma 1970 ndi 1980, a msika, a depoti ya basi, a ukwati pa tchalitchi zosiyanasiyana, kumbuyo kukuoneka nyumba zina zomwe pano anazisintha. Maso anandithera, sindingathe kuzisanja ndekha. Ngati uli ndi sikana ku ofesi kwako, undilembere ku inbox tipangane Loweruka. Ubwere ndi pensulo, osati bolopeni, yolembera chaka ndi malo kuseri kwa maenvelopu. Fanta ugula ndiwe.