Kondomu inaphulika dzulo usiku koma kuchipatala ndikuopa, nditani?

Wakunyanja24:
Abale ndithandizeni chonde musandiweruze. Ndine mnyamata wa mbali ya Monkey Bay, ndimagonana ndi amuna anzanga. Dzulo usiku kondomu inaphulika ndipo munthuyo sindikudziwa ngati anayezetsapo. Sindinagone. Kuchipatala ndikuopa chifukwa chaka chatha nditapita kwinakwake ndi zilonda kumbuyoku nesi anaitana anzake azidzandiona, kumaseka, ine kutuluka osalandira ndi mankhwala omwe. Kuno tonse timadziwana, nkhani ikafika kwa mayi anga ndathera pompo.

Anambewe:
Achimwene dzukani pano pano mupite, musadikire mawa. Kuli mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti musatenge HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo mukafulumira ndi pomwe amagwira bwino, mumamwa masiku 28 osadumphitsa. Kuchipatala cha boma ndi aulere. Ayamba akuyezani magazi kaye. Mukangonena kuti kondomu inaphulika ndipo mnzanuyo simukudziwa mmene mthupi mwake mulili zakwana, dzina lake safuna. Ngati kwanuko mukuopa maso a anthu kwerani minibasi mubwere ku boma konkuno, bola thiransipoti ipite.

Zomwe anakuchitani nesi uja zandiwawa. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV komanso kuulula zotsatira za magazi ake.

Che Jafali:
Koma si zoletsedwa zimenezi? 2024 khothi linakana kuchotsa lamulo lija loletsa amuna kugonana okhaokha, zaka mpaka 14 kundende. Ineyo sindigwirizana nazo ndinene zoona, koma mwana wa munthu asafe ndi mantha ayi. Pitani mdala.

Shamimu_Mpondasi:
Che Jafali lamulolo lilipodi ndipo nde lomwe likutibisitsa, anthu akudwalira mnyumba. Koma chipatala si polisi.

Wakunyanja m'bale wanga, ine ndinabadwa mwamuna koma ndimakhala ngati mkazi, nde ukudziwa kale kuti pa mzere wa kuchipatala anthu amandiyang'ana bwanji, ena mpaka kuloza. Ndinazengereza zaka ziwiri chifukwa cha zomwezo mpaka ndinaonda zovala zonse kukhwepa, pomwe ndimayezetsa ndinali nditatheratu. Pano ndili pa ma ARV, kapilisi kamodzi patsiku basi, atandiyeza viral load, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, anati tizilombo sitikuoneka ndipo munthu ukafika pamenepo nkumamwabe mwandondomeko sungapatsire mnzako pogonana. Ndimagulitsa usipa wanga bwinobwino. Zaka ziwiri zija ndimazilira mpaka lero.

Ukamaliza PEP nkupezeka ulibe, funsa za PrEP, amene uja amamwa munthu woti alibe kachilombo kuti asatenge. Koma chindoko ndi chinzonono sateteza, kondomu usaisiye. Komanso ndifunse, unapaka chani? Vaseline kapena mafuta ophikira amaphulitsa kondomu, pamafunika lubu, choterereretsa chamadzi chija. A bungwe la CEDEP amagwira ntchito ndi anthu ngati ife, ukawapeza sakunyoza. Zilonda zija zinapola? Uwauzenso akuone, chilonda ndi khomo la kachilombo.

Wakunyanja24:
Inali Vaseline sisi, sindimadziwa ine. Zilonda zimabwera nkumapita. Ndabwereka ndalama kwa mnzanga ndili pa siteji, ndikafika ku boma ndilembanso. Kodi akandifunsa kuti ndinagona ndi mkazi kapena mwamuna ndiyankhe bwanji?