Mwezi wa maluwa ungakhale bwanji wankhanza?

Naphiri_Kalingalinga:
Anzanga ndithandizeni mutu waima. Tikuwerenga The Waste Land ya T.S. Eliot mkalasi, ija ya 1922, ndiye munthu akungoyamba ndakatulo nkunena kuti Epulo ndi mwezi wankhanza kuposa yonse, chonsecho kwawoko ndi nthawi imene kuzizira kwatha mitengo yaphukira. Nkhanza zake zili pati? Mayeso ndi sabata yamawa.

Aphunzitsi_Chilenje:
Mwanawe, Epulo wa ku London usamuyese ngati wathu, kuno Epulo timakhala tikudya mondokwa. Iwe ganiza mvula yoyamba ya Novembala, fumbi la mu Lusaka likangonyowa kafungo kadothi kaja. Ine amayi anatisiya nthawi yodzala ndiye chaka chilichonse kafungo kaja kakandipeza ndimawaona ali chiweramire ndi khasu, pamene Okutobala yense ndi kutentha kwake ndimakhala bwinobwino osawaganiza nkomwe. Chilimwe chimaiwalitsa, mvula ndi imene imafukula. Kwa Eliot nyengo yozizira inali yabwinoko chifukwa imakwirira zonse. Komanso nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha mu 1918, anyamata mamiliyoni ali mdothi udzu ukumera pamwamba pawo. Gawo loyambalo dzina lake analitenga ku mwambo woika maliro wa mpingo wa Anglican, sanabise.

Chisale_waMatero:
Aphunzitsi mwalasa, koma ine chimene chimandisowetsa mtendere mndakatulo ija ndi chakuti akufa ake alibe abale. Onani Phlebas mgawo lachinayi, wamira m'nyanja madzi akumuzunguza, palibe womulira palibe wosesa pamanda. Ife ku manda a Chingwere timabwererako, timamanga chiliza, tiphike nsima, mwana akabadwa timupatse dzina la agogo basi agogo abwera. Ndiye kukumbuka kwa ife ndi ntchito ya banja lonse, kwa iye kuli ngati matenda ogwira munthu ali yekha mchipinda. Mlongo ukafuna kuyerekeza werenga mlakatuli Christopher Okigbo wa ku Nigeria, anaphunzira zambiri kwa Eliot koma iye amabwerera kumtsinje wa kwawo, kwa Idoto, ngati mwana wolowerera. Anafa pankhondo ya Biafra mu 1967.

Bambo_aTaonga:
Kkkk inu mukuzama, ine ndinaiwerenga kawiri nkuisiya. Chijeremani, Chitaliyana, kumapeto Chisanskriti, ngati uli mu minibasi ya ku Kulima Tower aliyense akukamba zake. Ati mlakatuli mnzake Ezra Pound anaidula kwambiri isanatuluke, akanapitiriza chabe.

Aphunzitsi_Chilenje:
A Taonga minibasi yanuyo ndiye ndakatuloyo, mawu a amoyo ndi akufa kupanikizana mpando umodzi. Koma a Chisale musamuweruze msanga Eliot, atamwalira mu 1965 phulusa lake anakaliika ku East Coker, mudzi wa ku England umene makolo ake anachokera popita ku America. Naye anafuna kukagona kumudzi.

Naphiri_Kalingalinga:
Zikomo kwambiri nonse. Za mvula ya Novembala ndilemba zimenezo, agogo anganso anapita mvula itangoyamba. Kodi Okigbo ndingamupeze mulaibulale ya pa yunivesite ya Zambia (UNZA)?